Masiku 90 a mlendo ndi masabata 40 a mimba: mmene mkazi wanga anadzachirira ku Mzuzu

Mkazi wanga ndi wa ku Ethiopia. Ndikatero, anthu ambiri kuno ku Mzuzu amayamba andiyang'ana kaye, chifukwa dzina la dziko limenelo kumpoto kuno timalimva kawirikawiri pa nkhani za anthu ogwidwa atabisala m'malole. Ine kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndakhala ku Mzuzu zaka zambiri pa ntchito ya khofi, kuyendera alimi ku Misuku, ku Phoka ndi m'mapiri a Nkhata Bay. Khofi yemweyo ndiye ananditengera ku Addis Ababa kukaphunzira kulawa ndi kusankha magiredi, ndipo kumeneko ndi komwe tinadziwana. Ukwati tinamangitsa ku boma komweko kumapeto kwa 2022, ine n'kubwerera kuno kuntchito, iye n'kutsala kaye akugwira yake.

Mu Januwale 2023 ndinapita kukamuona pa nthawi ya chikondwerero chawo cha Timkat. Mu Malichi anandiimbira foni kuti ndi woyembekezera. Ku Addis Ababa amakhala yekha m'kachipinda ka lendi, mayi ake ndi okalamba ndipo ali kutali, cha ku Jimma. Ine sindikanachoka kuno chifukwa miyezi yomwe mimba imakula ndi yomwenso alimi amathyola khofi. Tinagwirizana kuti abwere adzachirire ku Mzuzu, amayi anga achoke ku Ntchisi adzamudikirire.

M'mutu mwanga munali kuti poti ndi mkazi wanga wa ukwati wa boma, ndingomugulira tikiti basi. Si mmene zilili. Ukwati susandutsa munthu kukhala Mmalawi. Pa chipata cholowera m'dziko amaona pasipoti, ndipo pasipoti yake ndi ya Ethiopia. Anzathu okwatira ku Zambia, ku Tanzania kapena ku Mozambique savutika ndi viza chifukwa ndi maiko a SADC, koma iye amayenera kukhala nayo asanakwere ndege. Zimene ndikufotokozazi ndi za 2023. Mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za maiko 79, ndipo mndandanda wotere umasinthasintha, choncho yambani mwaona kaye kuti dziko la mnzanuyo lili m'gulu liti pa nthawi imene mukufuna abwere.

Mwezi wa Epulo ndinautaya chifukwa cha dobadoba. Mnzanga wina anandilozera munthu amene amati amadziwa njira. Tinakumana pa malo odyera ena m'tauni, anamvetsera nkhani yanga, kenako anati, "Achimwene, za mimbazo musazitchule. Za ukwatinso zisiyeni. Tingolemba kuti akubwera kudzaona nyanja, sabata ziwiri. Mukanena zoona akukanizani." Ndinamupatsa K150,000 ndi makope a mapepala athu. Sabata yoyamba amayankha foni kuti zikuyenda. Sabata yachitatu foni inasiya kulowa.

Ndalamazo zinandipweteka, koma lero ndimathokoza kuti munthu uja sanalembe kanthu. Akanalemba bodza limenelo likanatitsatira. Pamapeto pake chimene chinatipulumutsa ndi choti kuyambira pa fomu yoyamba tinali titanena kuti ndi mkazi wanga, ndi woyembekezera, ndipo akubwera kwa mwamuna wake. Tikanalowa ngati wodzaona nyanja, miyezi itatu itatha tikanafotokoza chiyani titaima pa kauntala ndi mimba yoti aliyense akuiona?

Kumayambiriro kwa Meyi ndinakhala pansi ndekha pa kompyuta. Nthambi ya Immigration ili ndi njira yofunsira viza pa intaneti, imene inayamba mu 2019, ndipo sifuna munthu wapakati. Tinkalemba limodzi, iye ali pa WhatsApp ku Addis Ababa, ine ndili ku Katoto. Tinaikapo tsamba la pasipoti yake lokhala ndi chithunzi, kachithunzi kena katsopano, kope ya chiphaso changa cha unzika, setifiketi ya ukwati, ndi kalata yanga yomuitana. M'kalatamo ndinalemba mwachidule: dzina langa, kumene ndimakhala, ntchito yanga, kuti ndi mkazi wanga, kuti ali ndi pakati, ndi kuti zonse zokhudza chakudya, pogona ndi chipatala zili pa ine. Pasipoti tinaonetsetsa kuti yatsala ndi miyezi yoposa 6 isanathe. Kulipira kwake n'kwa madola, pa khadi. Chaka chimenecho ndalama zakunja zinali zosowa kuno ndi kwawo komwe, moti anatilipirira ndi msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ine n'kupereka makwacha kwa mkazi wake kuno. Ngati mulibe khadi yotha kulipira kunja, konzekeranitu zimenezi musanayambe kulemba fomu.

Pali kanthu kena ka maina kamene kakanatisokoneza. Ku Ethiopia mkazi akakwatiwa satenga dzina la mwamuna. Munthu amakhala ndi dzina lake, lotsatira ndi la bambo ake, lachitatu la agogo ake aamuna. M'kalata yoyamba ine ndinali nditamulemba ndi dzina la kwathu ku Ntchisi, monga tizolowera kuti mayi uje. Iye ataiona anati, "Munthu ameneyu kulibe. Pa pasipoti palibe, pa setifiketi palibe." Ndinalembanso, chilembo ndi chilembo monga zilili pa pasipoti. Setifiketi ya ukwati anali atakaidinditsa kale ku unduna wa za maiko akunja kwawoko, ndipo chidindo chimenecho chinatithandiza kulikonse kumene tinaitulutsa.

Kalata yovomereza itafika pa imelo, tinayamba kulimbana ndi za thupi lake. Munthu wochokera ku Ethiopia amafunsidwa khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever polowa m'Malawi. Katemera ameneyu kawirikawiri sabayidwa kwa mayi woyembekezera. Iye anabayitsa mu 2012, ndipo tinkaganiza kuti khadiyo imatha pakapita zaka 10. Tinasowa tulo masiku awiri, mpaka dokotala wake anamuuza kuti kuyambira 2016 bungwe la WHO linasintha lamulo, katemera mmodzi ndi wa moyo wonse ndipo khadi yakale imagwirabe ntchito. Anakaipeza m'sutikesi ya mabuku a ku koleji. Ngati mnzanu sanabayitsepo, apite kwa dokotala msanga akapemphe kalata yofotokoza chifukwa chimene sangabayidwire.

Za ndege nazo zili ndi malire ake. Makampani ambiri amafuna kalata ya dokotala mimba ikapitirira masabata 28, ndipo ikafika cha m'ma 36 sakweza n'komwe. Iye ananyamuka pa 17 Juni ali ndi masabata 22, komabe anatenga kalata ya dokotala ndi zithunzi za sikani.

Ndinakamuchingamira ku bwalo la ndege la Kamuzu, ku Lumbadzi. Anatuluka mochedwa kuposa ena chifukwa anamufunsa mafunso angapo, ndipo anandiimbira foni kutsimikiza kuti ndilidi panja. Sindinadandaule. Miyezi imeneyo nkhani ya alendo inali yotentha. Boma linali litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka, ndipo mu Meyi apolisi anali atayamba kuwatola m'matauni. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo pafupifupi 30 ya anthu amene amaganiziridwa kuti anali ochokera ku Ethiopia, pa ulendo wozemba wopita ku South Africa. Tikudutsa dera limenelo madzulo, nkhungu ya ku Chikangawa itatsika mu msewu, ndinamuuza. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anachita chizindikiro cha mtanda n'kuyamba kupemphera m'Chiamhariki. Pa rodibuloko ya Jenda anatipempha mapepala, tinaonetsa, anatifunira ulendo wabwino. Kuyambira tsiku limenelo pasipoti, kope ya setifiketi ya ukwati ndi kope ya chiphaso changa sizinachoke m'chikwama chake cha m'manja, ngakhale popita ku msika wa Zigwagwa kukagula tomato.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Viza ndi yolowera chabe. Masiku okhala amakupatsani pa chipata, ndi chidindo cha m'pasipoti. Iye anamudindira masiku 30. Masiku amenewo mumatha kukawonjezera ku ofesi ya Immigration polipira, ndipo Mzuzu ili ndi ofesi ya chigawo cha kumpoto, koma onse pamodzi sapitirira 90. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Kwa ine anali mkazi wanga, wafika pakhomo pake, koma pamaso pa lamulo anali mlendo, woyenera kukamuka dzuwa likakwera. Zoti ndi masiku 90 ndinkazidziwa. Chimene sindinachite ndi kutenga kalendala n'kuwaika pambali pa masabata a mimba.

Sabata yoyamba tinayamba sikelo pa chipatala china cha mishoni. Namwino anatenga khadi yake ya ku Addis Ababa, anaiyang'ana, anayang'ananso mimba, n'kundifunsa, "Bambo, khadi iyi ndi ya mimba ino kapena ya mwana wina wakale?" Pa tsiku lomaliza kusamba panalembedwa 02/05/2015. Namwinoyo sanalakwe. Ku Ethiopia ali ndi kalendala yawoyawo ya miyezi 13, chaka chawo chimayamba mu Sepitembala, ndipo amatsalira m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8. Mwezi wachisanu kwawo ndi Tir, ndipo 2 Tir 2015 ndi 10 Januwale 2023. Mkazi wanga anawerengetsa pa foni, namwino analemba tsiku lolondola m'kabuku ka kuchipatala, ndipo anatiuza kuti tiyembekeze cha pa 17 Okutobala. Ngati mnzanu akuchokera kumene amalemba masiku kapena chilankhulo mosiyana, muuzeni apemphe dokotala wake alembe chidule cha zonse m'Chingerezi asananyamuke.

Tsiku lomwelo anatiyeza magazi tonse awiri, anamupatsa neti, mapiritsi owonjezera magazi ndi Fansidar. Iye amakana Fansidar poti sakudwala. Namwino anamufotokozera bwino kuti Addis Ababa ili pamwamba kwambiri, kupitirira mamita 2,300, malungo kulibe kwenikweni, choncho thupi lake silinakumanepo nawo, ndipo mayi woyembekezera wotere akadwala malungo amadwala kwambiri. Mzuzu n'kozizira, koma udzudzu ulipo. Ndinali nditamulonjeza kuti ndikamuonetsa nyanja ku Nkhata Bay. Ulendo umenewo tinauimika.

Amayi anafika kuchokera ku Ntchisi ndi thumba la ufa, nyemba ndi nkhuku ziwiri. Chingerezi sadziwa, mpongozi wawo Chichewa sadziwa, koma pasanathe sabata anali akumvana ndi manja kukhitchini. Iye ankawaotchera khofi pa mbaula monga amachitira kwawo, kukazinga, kusinja, kuwiritsa mu kamphika kake kadothi kamene anabwera nako atakakulunga m'zovala. Amayi, amene moyo wawo wonse ndi a tiyi, anayamba kumadikira nthawi ya khofi. Mawu oyamba a Chichewa amene anagwira ndi "zikomo amayi" ndi "ndakhuta", chifukwa amayi sankalola mbale ibwerere ndi nsima.

Pakati pa Julaye tinapita kukawonjezera masiku. Zinayenda bwino, tinalipira, anadinda. Ine n'kunyamuka kupita ku Misuku, kumene khofi anali atapsa ndipo makina opuntha anali kugwira usana ndi usiku. Ndinabwerako pakati pa Ogasiti masiku atatsala awiri okha kuti chidindo chithe.

Pa kauntala tinapeza mayi wina wachikulire ndithu. Anatsegula pasipoti, anayang'ana mkazi wanga, n'kufunsa kuti akuyembekezeka kuchira liti. Nditamuuza, anatenga kalendala ya pa tebulo pake n'kuitembenuzira kwa ine.

"Bambo, mwawerenga masiku? Ndikadinda lero, awa ndi omaliza. Akuthera pakati pa Sepitembala. Pamenepo mayiwa adzakhala ndi masabata angati?"

Ndinawerenga ndi chala. Masabata 35, kulowa 36.

"Ndiye ndege idzawalola? Nanga mwana adzakhala atabadwa?"

Ndinamva thukuta kumsana ngakhale kunali kozizira. Masiku ake okhala m'dziko amathera ndendende pa sabata imene sakanathanso kukwera ndege, mwezi wathunthu mwana asanabadwe. Kutuluka sakanatha, kukhala sakanaloledwa. Tikiti yobwerera imene tinagula inali ya tsiku loti sakanaigwiritsa ntchito. Mkazi wanga sanamve Chichewacho koma anaona nkhope yanga, anandigwira mkono n'kufunsa kuti chalakwika n'chiyani.

Mayi uja sanatikalipire. Anatiuza kuti pali chilolezo china chotchedwa Temporary Residence Permit, cha munthu amene wakwanitsa masiku a mlendo koma ali ndi chifukwa chomveka chokhalirabe, ndipo chimakhala cha miyezi 6. Anati chofunika n'kupempha masiku asanathe, osati atatha, chifukwa akatha munthu amakhala kuti waswa kale lamulo ndipo nkhani yake imakhala ina. Anatilembera pa kapepala zoti tibweretse. Mayi ameneyo dzina lake sindinafunse, koma sindidzamuiwala. Anangofunsa funso limene ine mwini wake wa mimba ndimayenera kudzifunsa mu Meyi.

Sabata imeneyo ku ntchito ndinapempha tchuthi. Dokotala anatilembera kalata yonena masabata a mimba, tsiku loyembekezeka, ndi kuti si bwino ayende ulendo wautali. Ndinalemba kalata ina yanga yopempha, ndinatenga kalata ya kuntchito, sitetimenti ya kubanki, zithunzi, ndi makope a pasipoti, masamba onse okhala ndi zidindo. Makope a setifiketi ya ukwati ndi chiphaso changa ndinakawatsimikiziritsa kwa loya. Apa m'pamene choonadi cha pa fomu yoyamba chinagwira ntchito: kalata yanga ya mu Meyi ndi ya mu Ogasiti zinkanena chinthu chimodzi. Tinapereka zonse Ogasiti asanathe, tinalipira, anatipatsa lisiti. Lisitilo ndinalijambulitsa makope atatu, lina m'chikwama chake, lina m'galimoto, lina m'Baibulo la amayi.

Mapepala otere amakagamulidwa ku likulu, choncho pamakhala kudikira. Pakati pa Sepitembala chidindo chinatha yankho lisanabwere. Ndinapitanso ku ofesi kukafunsa, anandiuza kuti pempho lathu lili m'kati ndipo tisunge lisiti. Ngakhale zinali choncho, masabata amenewo anali olemetsa. Galimoto ikaima pa geti usiku iye ankadzuka. Anasiya kupita ku msika. Tsiku lina ndinamupeza akulira kuchipinda, akuti akuopa kuti adzamutenga mwana n'kutsala. Ndinamuuza kuti palibe angachite zimenezo, koma mawu a mwamuna amene anaiwala kuwerenga masiku sanali olimba kwenikweni. Amene anamukhazika mtima pansi ndi amayi. Anakhala pa mkeka pafupi ndi bedi, anamugwira phazi lotupa n'kumalisisita, akulankhula Chichewa chimene iye samamva: "Mwana wanga, pano ndi pakhomo pako. Wokutenga ayambe wanditenga ine." Sindinamasulire. Anamva.

Mayi woyembekezera safunika nkhawa yotere, makamaka mwezi womaliza. BP yake inakwera pang'ono ndipo anatiuza kuti tizipita ku sikelo sabata iliyonse. Ndikanawerenga bwino poyamba, pempho lija ndikanalipereka mu Julaye, kapena ndikanakafunsa ku ofesi iye asananyamuke n'komwe kuti munthu wobwera kudzachira ayende bwanji. Ofesiyo ili m'tauni momwemuno, ndimaidutsa tsiku ndi tsiku. Ndinasankha kufunsa munthu wa pa malo odyera.

Matenda anayamba usiku wa pa 11 Okutobala. Chikwama chinali chokonzeka kale, zitenje, beseni, zovala za mwana, ndipo pamwamba pa zonse amayi anaikapo envulopu ya mapepala. Anachira m'mawa wa pa 12, mwana wamkazi. Kuchipatala sanafunse za chidindo. Anafunsa kabuku ka sikelo basi. Polemba fomu ya kalata ya kubadwa ya ku NRB, nthambi ya boma yolembera nzika, ndinaonetsetsa kuti dzina la mayi lilembedwe monga lilili pa pasipoti, maina onse atatu, ndi kuti nambala ya chiphaso changa ikhalepo. Mwana wobadwa kwa kholo limene ndi nzika ya Malawi ndi Mmalawi, koma pepala limeneli ndi limene mudzayambire pofuna pasipoti yake, ndipo chilembo chimodzi chikalakwika mudzayenda nacho.

Kwawo mayi akachira amamuphikira phala lolimba la ufa wa barele lotchedwa genfo, pakati pake amaboola n'kuthirapo batala ndi tsabola. Barele sitinamupeze. Amayi anaphika la mgaiwa, analilimbitsa monga iye anawalongosolera ndi manja, anaboola pakati n'kuika majarini ndi tsabola wa kambuzi pang'ono. Anadya akulira, n'kumaliza mbale yonse.

Chilolezo chinatuluka mwana ali ndi masabata atatu, mchombo utagwa kale, atatuluka m'chikuta. Tinapita tonse atatu kukadinditsa, mwana ali kumbuyo pa chitenje chimene amayi anaphunzitsa mpongozi wawo kumanga. Tisanachoke pa kauntala ndinafunsa za chilolezo chokhazikika chimene mkazi kapena mwamuna wa nzika ya Malawi amatha kupempha, ndipo anandipatsa mndandanda wa zofunika, kuphatikizapo kalata ya apolisi a kwawo yosonyeza kuti alibe mlandu. Kalata imeneyo tinayamba kuitsata sabata yomweyo kudzera kwa mchimwene wake ku Addis Ababa. Titafika kunyumba, iye anatenga cholembera n'kuzunguliza tsiku lothera chilolezo pa kalendala ya pabalaza, anabwerera m'mbuyo miyezi iwiri n'kuzungulizanso lina, pambali pake n'kulemba tsiku lomwelo m'kawerengedwe ka kwawo.